Mlonda wa m'thupi ndi mbiri ya khansa ya khomo la chiberekero

Ndili mwana ku Dwangwa, mayi wina woyandikana nafe, amene ankagulitsa usipa pamsika, anadwala nthawi yaitali. Akuluakulu ankangonong'onezana kuti ndi "matenda a azimayi". Ena ankati analodzedwa, ena ankaloza khalidwe lake. Nditakula, amayi anandiuza kuti inali khansa ya khomo la chiberekero. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufuna kudziwa kuti anthu anawamvetsa liti matendawa.

Kuloza chala sikunayambe ndi ife. Mu 1842, dokotala wa ku Italy, Domenico Rigoni-Stern, anaunika mabuku a anthu omwalira mumzinda wa Verona, napeza kuti khansa ya chiberekero inkapha amayi okwatiwa kwambiri kuposa masisitere. Anthu anayamba kuganiza kuti matendawa amakhudzana ndi kugonana, koma kwa zaka zoposa 100 chowayambitsa sichinadziwike. Pamene palibe yankho, manyazi ndi amene amalamulira.

Yankho linabwera pang'onopang'ono. Mu 1972, John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie anafotokoza kuti maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi lathu, ali ndi dongosolo lodzipha okha akakalamba kapena akawonongeka. Dongosololi analitcha apoptosis. Mu 1979 kunapezeka puloteni yotchedwa p53, imene pambuyo pake inadziwika kuti ndi mlonda wa selo. Ikaona kuti malangizo a m'kati mwa selo asokonekera, imaimitsa selolo kuti lisagawikane mpaka likonzedwe. Zikakanika, imalamula kuti life, thupi lipulumuke.

Ku Germany, Harald zur Hausen ankalimbikira kunena kuti khansayi imayamba ndi kachilombo ka HPV, pamene anzake ambiri ankakayikira kachilombo kena. Gulu lake linapeza HPV16 mu 1983 ndi HPV18 mu 1984, ndipo iye analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Mitundu iwiriyi imayambitsa khansayi mwa odwala pafupifupi 7 mwa 10 alionse. Mu 1990, gulu la Peter Howley ku America linalumikiza nkhani ziwirizi: kachilomboka kamapanga puloteni yake, E6, imene imagwira p53 n'kuchititsa kuti selo liphwanye lokha mlonda wake. Mlonda akachoka, selo loyenera kufa limangochulukana, ndipo patapita zaka 10, 15 kapena 20 pamakhala chotupa.

Zaka zimenezo ndiwo mwayi wathu. Anthu ambiri amatenga HPV nthawi ina m'moyo, amuna ndi akazi omwe, ndipo thupi limakachotsa lokha. Mwa ochepa kamakhalitsa, makamaka ngati chitetezo chatsika. Bungwe la WHO limati mayi amene ali ndi HIV amakhala pachiopsezo kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Malawi ali m'gulu la mayiko ovutika kwambiri ndi khansayi: chaka chilichonse amayi oposa 4,000 amapezeka nayo ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira.

Mu 2004 Unduna wa Zaumoyo unayamba kufalitsa njira yoyeza amayi ndi viniga, amene amayeretsa malo a maselo osokonekera kuti namwino awaone. Chipatala cha Nkhoma chinatsogolera pa njira yowotcha malowo ndi kachipangizo kotentha tsiku lomwelo. Katemera, amene anavomerezedwa ku America mu 2006, anayesedwa ku Rumphi ndi Zomba kuyambira 2013, ndipo mu Januwale 2019 anafalikira dziko lonse kwa atsikana a zaka 9.

Kuchokera pa mabuku a ku Verona kufika pa jakisoni wa mtsikana wa ku Nkhotakota panadutsa zaka 177. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva kholo likuti katemerayu amatseka mimba, kapena bambo akuletsa mkazi wake kukayezetsa. Mantha awo sindiwaseka, poti si kawirikawiri pamene wina amakhala nawo pansi n'kuwalongosolera. Koma ife amene taphunzirako tili ndi ngongole. Mukapita kumudzi patchuthi, funsani ngati mchemwali wanu wamng'ono anabayitsa, ngati amayi ndi azakhali anayezetsa. Mayi wa usipa uja anamwalira anthu akumunong'ona, chikhalirecho sanalakwire munthu. Kachilombo ndi kamene kanachotsa mlonda wake.