Mkamwini amene anadzala banja la Washington ku America

Achinyamata anzanga, George Washington mumamudziwa, pulezidenti woyamba wa America uja. Nanga kholo lake limene linayamba kukhala ndi munda m'dzikolo mukulidziwa?

Dzina lake ndi John Washington, mwana wa m'busa wa ku Purleigh ku England. Bambo akewo anachotsedwa pa ubusa mu 1643 chifukwa chokhala mbali ya mfumu pa nkhondo yapachiweniweni, banja nkusauka. John analowa ntchito pa sitima yamalonda a fodya, ndipo mu 1657 sitimayo inatitimira mumtsinje wa Potomac ku Virginia. Iye sanabwererenso kwawo.

Mu 1658 anakwatira Anne Pope, apongozi ake a Nathaniel Pope nkuwapatsa maekala 700 ku Mattox Creek. Mwaonatu, malo oyamba anachokera kuchikazi, ngati mkamwini wa kwathu kuno. John anabereka Lawrence, Lawrence anabereka Augustine, Augustine ndiye anabereka George mu 1732.

Moyo wa pamundapo unkayendera fodya, ndipo ntchito yake simungaisowe: kufesa nazale, kuwokera, kupalira, kutola mbozi, kuyanika m'zigafa, kenako kulongedza m'migolo yopita ku England. Ndalama zinali zosowa, moti msonkho, ngongole ngakhale malipiro a abusa ankalipira ndi fodya yemweyo. Fodya amagugitsa nthaka msanga, n'chifukwa chake eni minda ankangofunafuna malo atsopano. Mu 1674 John ndi Nicholas Spencer analembetsa maekala 5,000, pamene panadzakhala Mount Vernon. John anamwalira mu 1677.

Koma taganizani, ankagwira khasu ndani? Anali antchito ochokera ku England ogwira zaka zingapo pobweza mtengo wa ulendo, komanso akapolo a ku Africa. Malowonso sanali opanda eni, kunkakhala anthu a mtundu wa Doeg. Pofika 1799, pa Mount Vernon panali akapolo 317. Mzere wa a Washington unalembedwa bwinobwino chifukwa mayina awo ali pa zikalata za malo, pamene ambiri mwa olimawo mbiri yawo inatayika.

Kwathu kuno minda yambiri ilibe chikalata, kaundula wake ali m'mutu mwa agogo. Sabata ino khalani nawo pansi. Afunseni anayamba kuswa mphanje pamunda wanu ndani, anapeza ndani pamalopo, malire anaika ndani, ankalima nawo ndani. Mulembe zonse, osasiya ndi mmodzi yemwe, agogo akadali moyo.