Luanshya: tauni imene inkadya m'dzanja la mgodi

Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya, m'chigawo cha Copperbelt ku Zambia, unayamba kutulutsa kopa mu 1931, ndipo amuna ankakhamukira kumeneko, ena ochokera kuno kwathu, dziko lidakali kutchedwa Nyasaland. Mu 1970 boma la Kenneth Kaunda linatenga magawo 51 pa 100 a migodi, ndipo mu 1982 makampani awiri a migodi anaphatikizidwa n'kukhala ZCCM.

Masiku amenewo kulembedwa ntchito pamgodi kunali kulowetsa banja lonse m'manja mwa kampani. Nyumba inali ya kampani, madzi ndi magetsi chimodzimodzi. Mwana akadwala, mayi ankathamangira kuchipatala cha mgodi. Babu la magetsi likapsa, ankangokanena ku ofesi. Ngakhale pamaliro kampani inkathandiza, ndipo Loweruka bambo ankakachemerera Roan United, timu ya mgodi womwewo.

Mavuto anayamba mtengo wa kopa utatsika m'ma 1970, dziko n'kumira m'ngongole. Frederick Chiluba, yemwe poyamba anali mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito, atatenga boma mu 1991 anatsata malangizo a IMF ndi World Bank oti migodi igulitsidwe. Mu 1997 mgodi wa Luanshya unagulitsidwa kwa Binani ya ku India. Pofika 2000 kampaniyo inali italephera, ngongole zili mbwee, mgodi n'kuima.

Anthu anakhala miyezi osalandira, ndalama zopumira pantchito akungoziyembekezera. Ambiri anatsala ndi nyumba zokha, zimene anagulitsidwa podula ndalama zawo zopumirazo. Koma nyumba sadya. Amuna omwe ankatsika pansi pa nthaka ndi chipewa cha nyali anayamba kuotcha makala ndi kusweka m'minda ya m'tchire. Amayi, amene kale ankangodikira malipiro a pamwezi, ndiwo anagwira banja ndi tomato wa pamsika, ndipo zipinda zina za nyumba anazichititsa lendi.

Mgodi unatsegulidwanso, n'kutsekedwa kachiwiri mtengo wa kopa utagwa mu 2008, mpaka kampani ya boma la China ya CNMC inaugula mu 2009. Ntchito zinabwerera ndithu, koma ku Copperbelt ambiri tsopano amalembedwa kudzera kwa makontrakitala, pa mgwirizano wa miyezi yowerengeka ndi malipiro ochepa. Munthu wotereyo amatsika m'mgodi womwewo umene ankatsikamo atate ake, koma lendi, madzi ndi magetsi amalipira yekha.