Zimene Manambala a Pamfuti Zakale Amanena

Amene amasonkhanitsa mfuti zakale za asilikali, zija zofuna kukoka bolt ndi dzanja ukawombera kamodzi, sayamba ndi kufunsa mtengo. Amayamba afunsa ngati manambala akugwirizana. Ambiri amaliyesa funso la okonda zamakedzana basi, koma pa mfuti ngati Lee-Enfield .303, imene asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ananyamula ku Burma, funsoli likukhudza moyo wa munthu. Kufakitale ankadinda nambala imodzimodzi pa thupi la mfuti ndi pa chogwirira cha bolt, chifukwa bolt iliyonse ankaiyeza pa mfuti yakeyake. Pali kampata kamene akatswiri amakatcha headspace, pakati pa nkhope ya bolt ndi malo otsamira chipolopolo. Kampatako kakakula mopitirira, chigoba cha chipolopolo chimatha kung'ambika ndipo mpweya wamoto umabwerera kumaso kwa wowombera. N'chifukwa chake mitu ya bolt ya Lee-Enfield No. 4 inkapangidwa masaizi anayi, kuyambira 0 mpaka 3, kuti mmisiri asankhe woyenerera.

Wina anganene kuti mfuti zosakaniza ziwalo zilipo zambirimbiri ndipo zimalira bwinobwino. N'zoona. Mfuti za Mauser K98k zimene a Soviet Union analanda kwa Ajeremani anaziphwasula n'kuzimanganso mosalabadira manambala, ndipo nazonso za ku Britain zolembedwa FTR zinabwerera kufakitale kukakonzedwa zonse. Koma kukonza kwa kufakitale kunali ndi zoyezera zake, pomwe bolt yosinthidwa ndi munthu kuseri kwa nyumba palibe anaiyeza. Choncho nambala yosiyana siitaya mfuti. Imangotsitsa mtengo ndi kukuchenjeza kuti kaiyezetse. Nayonso nambala yogwirizana si umboni woti zonse zili bwino. Zilembo DP zimatanthauza mfuti yophunzitsira perete yokha, yosayenera kuikamo chipolopolo ngakhale ikunyezimira. Ndiponso zipolopolo zambiri zakale zinkasiya mchere mumpope wa mfuti, moti amene sanatsuke ndi madzi anasiya dzimbiri likudya mkati. Mukasuzumira mumpope wotere pa kuwala mudzaona timaenje, ndipo mizere yozungulitsa chipolopolo idzakhala itafufutika.

Ndiye inu ofuna kugula, werengani zodindidwazo zonse, pezani chilolezo cha boma kaye, ndipo musakhudze chowombera mmisiri wa mfuti asanayeze headspace.