Plankton, tizamoyo tongotengeka

Madzi akabiriwira padooko la Chanyanya, m'dambo la Kafue, msodzi amati mwagwa ndere. Tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timabiriwiritsa madziwo asayansi amatitcha plankton. Anapeka dzinali ndi Victor Hensen wa ku Kiel, ku Germany, mu 1887, polichotsa ku liwu lachigiriki lakuti planktos, kutanthauza chosochera, chongotengeka. Anatcha bwino, pakuti vuto lake lonse lagona pomwepo: chotengeka sichisankha kokadya.

M'nyanja zamchere, chakudya chimene tizamoyoti timachisowa kwambiri ndi nayitireti. Muzu wa liwuli ndi nitron, dzina limene Agiriki ankatchulira soda wokumbidwa m'zigwa zouma za ku Egypt, mbale wake wa chidulo cha m'therere. Patapita zaka mazanamazana dzinalo linasamukira ku mchere wina, wopangira onga wamfuti. Kumeneko n'kumene kunabadwira nayitireti ndi nayitirojeni, liwu lomwe lili m'dzina la fakitale ya feteleza ya m'tauni ya Kafue, Nitrogen Chemicals of Zambia.

Pakati pa nyanja kuwala kokwanira tizamoyoti kuli pamwamba, sikupitirira mamita 200, pamene nayitireti wadzaza pansi, kumene zakufa zimamira n'kukawolera. Tizamoyo tapamwamba timamaliza msanga wochepa amene alipo, kenaka n'kumakhalira amoniya wa m'ndowe ndi mkodzo wa tinyama totidya. Tokhala cha m'munsi, pamene kuwala kukuzirala, ndito timayamba kulandira nayitireti wokwera pang'onopang'ono. Mu 1967 Richard Dugdale ndi John Goering analekanitsa ziwirizi: chakudya chongozungulira, ndi chakudya chatsopano chochokera pansi. Chatsopanocho ndicho chimabweza zimene maukonde achotsa.

A ku nyanja ya Malawi amazidziwa popanda buku. Mwera, mphepo imene inatipatsa liwu lakuti kummwera, ukaomba nyengo yozizira umavundula madzi apansi kuchigawo chakummwera kwa nyanjayo, ndere n'kuchuluka, usipa n'kupeza chakudya.

Ku Chanyanya kulibe kuya kotero. Chakudya chatsopano chimadza cham'mbali: madzi osefukira akamiza udzu ndi ndowe za ng'ombe, komanso feteleza wokokoloka m'minda. Chikachuluka mopitirira, amanenepa ndi namasupuni wotseka njira za mabwato. Ndipo chimangidwire damu la Itezhi-Tezhi kumtunda kwa damboli cha m'ma 1977, nthawi ya kusefukirako siilinso m'manja mwa mvula yokha. Wotsegula zipata za damu, pofuna magetsi, akugawanso chakudya cha tizamoyo timene nsomba za asodziwa zimadalira.