Mphamvu Zitatu M'dzanja Limodzi

Makolo athu a ku Maravi, ngakhale sanalembe malamulo awo papepala, ankadziwa bwino kuti mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake Kalonga wa kwa Phiri, amene ankalamula nkhondo ndi kulandira mitulo, analibe ulamuliro pa mvula, pakuti nsembe za ku Msinja zinali m'manja mwa Makewana wa kwa Banda. Nzeru yonga yomweyi ndi imene Montesquieu wa ku France anailemba mu 1748, yakuti wopanga lamulo akhale wina, woliyendetsa wina, woweruza nalo winanso, popeza zitatuzi zikakumana mwa munthu mmodzi, wolakwiridwa asowa kokadandaula.

Ife tinaziphunzira ndi misozi. Nduna zimene zinatsutsana ndi Dr. Kamuzu Banda mu 1964 zitachotsedwa kapena kutula pansi udindo, zina n'kuthawira kunja, malamulo a 1966 anakhazikitsa chipani chimodzi, ndipo pofika 1971 Ngwazi inali Pulezidenti wamuyaya, Nyumba ya Malamulo itasanduka yongovomera. Koma bala lalikulu koposa, mwa kuona kwanga, linagwera mabwalo a milandu. Mu 1969, mitima ya anthu ikali yowawa ndi kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, boma linapatsa makhothi a mafumu mphamvu yoweruza milandu ya imfa, ndipo oweruza achizungu a ku Bwalo Lalikulu anatula pansi udindo posagwirizana nazo. M'makhothiwo woimbidwa mlandu sankaloledwa loya, apilo yake sinkafika ku Bwalo Lalikulu, ndipo okhala pa mipando yoweruzira anali osankhidwa ndi boma lomwe linkamuimba mlanduwo. Anawatcha mabwalo a chikhalidwe chathu, chinthu chondiwawa kufikira lero, pakuti pa bwalo la makolo munthu ankabwera ndi ankhoswe ndi mboni zake, ndipo mfumu sinkagamula isanamve akulu a m'mudzi.

M'makhothi a mafumu amenewa ndi mmene anaimirira Orton Chirwa, mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party ndi nduna yoyamba ya zachilungamo, pamodzi ndi mkazi wake Vera, atagwidwa kumapeto kwa 1981. Ndipo anthu awiri odziwa malamulowa, atazengedwa mlandu woukira boma ku Soche, anagamulidwa kuti anyongedwe mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, osati chifukwa khothi lina linaona kulakwa kwake, koma chifukwa mwini dzanja anafuna kutero. Bambo Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Naboti wa m'masiku a Ahabu akanalizindikira bwalo limenelo.

Nkhanga zinapangana kusanapse, koma ife tinapangana kutapsa kale. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itatha, olemba malamulo aakulu a 1994 anapatula ntchito za nthambi zitatu za boma m'ndime 7, 8 ndi 9, nanena m'ndime 5 kuti lamulo lililonse losemphana ndi malamulo aakuluwo n'lopanda mphamvu, naletsanso m'ndime 103 kukhazikitsa khothi lina lofanana kapena loposa Khothi la Supreme kapena Bwalo Lalikulu, kuti za ku Soche zisadzachitikenso. Kwa Pulezidenti anaika malire a zigawo ziwiri zotsatizana za zaka zisanu.

Sipanapite nthawi malirewo anayesedwa. Mu Julaye 2002 bilu yochotsa malire a zigawo, imene ikanalola Dr. Bakili Muluzi kuimanso, inagwa m'Nyumba ya Malamulo itaperewera mavoti atatu okha. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, operekezedwa ndi asilikali, anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019, chija cha mapepala opakidwa Tippex, ndipo Khothi la Supreme linavomereza chigamulocho mu Meyi. Pamene boma linalengeza, kutatsala masiku owerengeka kuti anthu aponyenso voti, kuti mkulu wa oweruza Andrew Nyirenda apite kutchuthi chodikira kupuma pantchito, Bwalo Lalikulu linaimitsa ganizolo, maloya anayenda m'misewu atavala mikanjo yawo, ndipo pa 23 Juni chisankho chinachitika iye akali pa mpando wake.