Laga ya hops wambiri

Uwu ndi mowa wa chimera cha balere umene umathiridwa hops wochuluka kuposa laga wamba. Watchuka kwambiri ku America, kumene ofulula mowa ang'onoang'ono amautcha India Pale Lager. Chitsanzo chodziwika ndi Hoponius Union, wofululidwa ndi kampani ya Jack's Abby ku Framingham, m'chigawo cha Massachusetts.

Yisiti ya laga imawiritsa mowa pamalo ozizira, pa madigiri 7 mpaka 13, kenako mowawo umasungidwa milungu ingapo pafupi ndi madigiri 0. Mwa njira imeneyi yisiti sisiya fungo lake lambiri m'mowa, choncho hops amamveka poyera popanda chomuphimba. Apa ndiye pagona ubwino wa mowawu, komanso kuvuta kwake: wofulula akalakwitsa pang'ono, lilime limadziwa nthawi yomweyo.

Hops wothiridwa koyambirira kwa kuphika ndiye amabweretsa kuwawa. Wothiridwa kumapeto, kapena mowa utazizira kale, amapereka fungo. Mitundu ya ku America monga Cascade ndi Citra imanunkhira ngati manyumwa, mandimu, mango kapena utomoni wa paini, kusiyana ndi Saaz wa ku Bohemia, wa fungo lofatsa la zitsamba, amene amadziwika ndi mowa wa Pilsner umene Josef Groll anayamba kufulula ku Plzeň mu 1842.

Mowawu umaoneka wagolide, wa thovu loyera, ndipo sutsekemera kwenikweni. Kuwawa kumatsalira pakhosi kwa kanthawi. Umafunika kumwedwa udakali watsopano, chifukwa fungo la hops limazilala pakangopita miyezi yochepa, makamaka botolo likakhala potentha kapena padzuwa.