Mabuku a Mbiri ndi Miyambo m'Manja mwa Ana a Sukulu

Mwana wa ku Mbayani akamapita m'tauni ya Blantyre pa miyendo, amadutsa pafupi ndi Mishoni ya Blantyre. Amaona tchalitchi cha njerwa cha St Michael and All Angels ndi sukulu ya HHI. Ana ambiri amadutsa pamenepo osadziwa kuti amenewo ndi amodzi mwa malo oyamba m'dziko lino kumene mawu a Chimang'anja anaikidwa pa pepala ndi makina osindikiza.

Mishoni imeneyi inayamba m'chaka cha 1876, pamene Azungu a mpingo wa ku Scotland anamanga m'dziko la Mfumu Kapeni. M'chaka cha 1881 kunabwera m'busa David Clement Scott. Iyeyu ndiye anatsogolera ntchito yomanga tchalitchi chija kuyambira 1888 kufikira 1891, ndipo mu 1892 anatulutsa buku lalikulu lomasulira mawu a Chimang'anja. Pa Mishoni panali makina osindikiza, ndipo anyamata a kuno anaphunzira kusanja zilembo chimodzichimodzi ndi manja awo. Sukulu ya Henry Henderson Institute inatsegulidwa mu 1909.

Tsono mabuku amene ana ankawerenga masiku amenewo anali otani? Linalipo buku la a, e, i, o, u. Analipo katekisimu, buku la nyimbo, ndi Mauthenga Abwino. Pambuyo pake kunadza Buku Lopatulika lathunthu, limene linatuluka mu 1922 atalimasulira m'busa William Murray wa Mishoni ya Nkhoma pamodzi ndi anzake, Azungu ndi eni dziko. Mabuku amenewa anaphunzitsa anthu ochuluka kuwerenga, ndipo palibe angakane zimenezo. Koma mwana wa sukulu ankadziwa mtsinje wa Yordano ndi maina a mafumu a Israeli, pamene za Kalonga, za Undi ndi za Lundu sankazipeza m'buku. Zimenezo ankazimva kwa agogo ake madzulo pa moto, ngati agogowo anali akali ndi moyo.

Mu 1924 kunafika alendo a bungwe la Phelps-Stokes la ku America kudzayendera sukulu za m'dziko la Nyasaland. Iwo analangiza kuti maphunziro azigwirizana ndi moyo wa kumudzi. Boma linakhazikitsa nthambi yake ya maphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi ndi akazi awo ankaphunzira ukhondo, ulimi ndi ntchito za manja. Pamenepo ndipo zinaoneka poyera kuti mwana afunika mabuku a zinthu zoona za dziko lake, olembedwa m'chinenero chimene amalankhula.

Amene anayamba kuyankha kusowa kumeneku anali aphunzitsi okhaokha. Wodziwika koposa ndi Samuel Yosia Ntara wa ku Nkhoma. Iye anatchuka poyamba ndi buku la Nthondo, la mu 1933, limene linapata mphotho pa mpikisano wa bungwe la ku London losamala zinenero za mu Africa. Nthondo ndi nkhani yopeka. Koma m'zaka za m'ma 1940 Ntara anatulutsa buku la mtundu wina, Mbiri ya Achewa. Mbiri imeneyi sanaipeze m'mabuku a Azungu ayi. Anaitenga pakamwa pa mafumu ndi nkhalamba za m'midzi, nafunsa za ulendo wa makolo polowa m'dziko lino, za mafuko a Phiri ndi Banda, za Kalonga ndi za Makewana wa ku Msinja. Ntchito yotere ndi yovuta kuposa mmene ionekera. Nkhalamba ya mudzi uno imanena zina, ya mudzi winawo imanena zina, ndipo yense amakweza mfumu ya kwawo. Wolemba ayenera kumva onse, kenaka asankhe. Anthu ophunzira a pambuyo pake anapeza malo ena amene angatsutsanepo naye, komabe anaona bukulo kukhala lofunika kotero kuti linamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973. Chachikulu n'chakuti zimene zikanapita kumanda pamodzi ndi nkhalamba zija zinatsala pa pepala.

Ku chigawo cha kumwera E. W. Chafulumira anachita chimodzimodzi. Mu 1948 anatulutsa Mbiri ya Amang'anja, anthu a m'mbali mwa Shire amene chinenero chawo Scott anachilemba m'buku lake lija.

Chaka chomwecho cha 1948 maboma a Nyasaland ndi Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, anakhazikitsa bungwe limodzi losindikiza mabuku, likulu lake ku Lusaka. Bungwelo linkalandira zolemba za anthu akuda, kuzikonza, ndi kupangana ndi makampani a ku London monga Longmans ndi Macmillan kuti azisindikize. Timabuku take tinali tating'ono, ta chikuto chofewa ndi mtengo wotsika, m'Chinyanja, Chitumbuka, Chibemba, Chitonga ndi zinenero zina. Nyengo imeneyi ndiyo inabala Unkhoswe waaNyanja, buku la Bennett Malekebu la mu 1952, ndi Maliro ndi Miyambo ya Acewa la Archibald Makumbi la mu 1955. Wowerenga asadabwe ndi kalembedwe ka dzina lachiwirilo, pakuti masiku amenewo liwu la "ch" linkalembedwa ndi "c" yekha. Dziko litalandira ufulu, John Gwengwe anatulutsa Kukula ndi Mwambo mu 1965. Mabuku otere analowa m'sukulu, ndipo mwana akapita nalo kunyumba, makolo amene anangoyamba kumene kuwerenga ankaligwiranso.

Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chinenero cha dziko lonse, ndipo mu 1972 kunakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board lokonza kalembedwe. Chichewa chinakwera, koma mwana wa Chitumbuka anataya mabuku a chinenero chake m'kalasi. Kuyambira 1982 ntchito yokonza maphunziro ndi mabuku a sukulu za pulaimale inakhala m'manja mwa Malawi Institute of Education, ku Domasi komwe kuja.

Pamenepa pali kusiyana kumene makolo ayenera kukudziwa. Buku la m'kalasi limatsata ndondomeko ya phunziro, tsamba ndi tsamba, kulinga ku mayeso. Buku lowerenga mwaufulu ndi lina. Mwana amalitsegula yekha chifukwa afuna kudziwa kumene mtsinje wa Mudi umathera, kapena chimene John Chilembwe anachita mu 1915. Mtundu woyambawo Boma lakhala likusindikiza. Mtundu wachiwiriwo, m'Chichewa, wakhala wochepa ndithu.

Mu 1994 Boma linachotsa malipiro m'sukulu za pulaimale, ndipo ana oposa miliyoni imodzi anawonjezeka m'chaka chimodzi. M'makomboni a Blantyre, ku Mbayani, ku Ndirande, ku Bangwe ndi kwina, makalasi anadzaza, ena naphunzirira pansi pa mitengo, ndipo buku limodzi linkagwiridwa ndi ana angapo. Pa nthawi yotere ndalama zinkathera ku choko, makope ndi mabuku a m'kalasi. Mu 2014 Boma linalengezanso kuti maphunziro onse, kupatula phunziro la Chichewa, aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1.

Mabuku a Ntara, Chafulumira ndi anzawo sapezeka kawirikawiri m'masitolo masiku ano. Wofuna mabuku akale a dziko lino amapita ku nyumba yosungira zolemba za Boma ku Zomba, kapena ku laibulale ya Society of Malawi m'nyumba ya Mandala, imene inamangidwa mu 1882. Kuchokera ku Mbayani kufika ku Mandala ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa miyendo.